Nsalu za M'zipinda za Zombo ndi Mbiri ya Mabanga Ake

Chombo chilichonse chimene chili ndi chipinda chogonamo anthu chimakhala ndi makoma awiri, lakunja limene limalimbana ndi mafunde ndi lam'kati limene munthu amaliyang'ana akagona chagada, ndipo ngakhale kuti olemba mbiri ya zombo amatha masamba ambiri akufotokoza khoma loyambalo, thanzi la amalinyero kuyambira kale lakhala likudalira kwambiri lachiwirili. M'maboti ambiri a masiku ano, makamaka aja oyendera matanga kapena injini amene anthu a ku Ulaya ndi ku America amagonamo akakhala pa ulendo, khoma lam'katili ndi nsalu yomatidwa ndi guluu kudenga ndi m'mbali mwa chipinda, ndipo pakapita zaka zingapo nsaluyo imayamba kuchita timadontho takuda ta nkhungu, mizera yofiirira ya madzi odontha, dzimbiri lozungulira mitu ya misomali, komanso mwaye wochokera ku chitofu ndi ku injini. Mawu akuti nkhungu pano sakunena chifunga cha m'mawa kapena touluka tija timafuka ngati utsi pa nyanja ya Malawi, koma chuku kapena nguwi, tomera ting'onoting'ono timene timayanga pa chinthu chilichonse chokhalitsa ndi chinyezi pamalo opanda mphepo.

Mabanga otere ali ndi mbiri ya zaka zoposa 250, ndipo mbiriyo imatsata kusintha kwa zipangizo zomangira zombo, kuchoka pa matabwa kupita pa chitsulo, kenaka kufika pa fibreglass. Nthawi iliyonse imene amisiri ankasintha chopangira khoma lakunja, madzi ankapeza malo atsopano obisalamo, ndipo osamalira zipinda ankakakamizika kuphunzira ntchito yawo mwatsopano. Munthu akalondoloza mbiriyi amaona kuti nsalu ya m'chombo inali yosavuta kusamala pa nthawi yonse imene inkatheka kuichotsa n'kukaiyanika, ndi kuti mavuto ake anakula pamene inamatidwa kukhoma kotero kuti dzuwa ndi mphepo zinalephera kuifika kumbuyo.

Nthawi ya matabwa ndi matanga

Chombo cha matabwa cha m'zaka za m'ma 1700 chinkamangidwa pa mitengo yokhota imene amisiri ankaiyerekeza ndi nthiti, ndipo matabwa ankakhomedwa kunja ndi m'kati mwa nthitizo, motero pakati pa makoma awiriwo pankatsala mpata woyendamo mpweya. Mpatawo ukatsekeka matabwa ankawola m'kati mosaonekera, n'chifukwa chake amisiri ena, makamaka a ku America, ankathiramo mchere wambiri podziwa kuti thabwa lomwa mchere silichita nkhungu msanga. Zipinda za akuluakulu m'zombo zankhondo za ku Britain zinkagawidwa ndi matabwa opepuka kapena ndi nsalu ya lona, ija yokhuthala yosokera matanga, yokungidwa pa mafelemu, chifukwa nkhondo ikayandikira zonsezo zinkayenera kugumulidwa m'kanthawi kochepa kuti mizinga ipeze malo. M'chombo cha HMS Victory, chimene chinatsitsidwira m'madzi ku Chatham m'chaka cha 1765 ndipo chinanyamula Horatio Nelson pa nkhondo ya ku Trafalgar mu 1805, pansi pa chipinda chachikulu panayalidwa nsalu ya lona yopakidwa penti wakuda ndi woyera m'timabokosi tosinthana, ngati bolodi ya masewera a dirafuti. Nsalu yopakidwa penti inali ndi ubwino wakuti madzi ndi mafuta sizinkalowa m'ulusi wake, choncho wantchito ankangoipukuta ndi chiguduli chonyowa, ndipo ikathimbirira ankaipakanso penti wina.

Amalinyero wamba analibe zipinda, moti ankagona m'machira a lona opachikidwa mothithikana kunsi kwa deki, kutanthauza nsanja ya matabwa imene imakhala denga kwa okhala pansi ndi bwalo kwa oyenda pamwamba. M'mawa uliwonse kunja kukacha bwino, machirawo ankakulungidwa n'kukwezedwa pamwamba, kumene ankaikidwa m'maukonde a m'mbali mwa chombo kuti apitidwe mphepo, ndipo zofunda ndi zovala zinkayanikidwa pa zingwe za milongoti. Mwambowu unali wofunika chifukwa madzi akumwa ankagawidwa mopimira, kotero kuti zovala zinkachapidwa ndi madzi a m'nyanja, amene lita imodzi imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35. Mchere umakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo chinyezicho chikafika pa maperesenti 75 mchere wouma umayamba kusungunuka wokha, n'chifukwa chake chovala chochapidwa ndi madzi otero chimabwerera kunyowa usiku ngakhale chitauma gwa masana. Sopo wamba sachita thovu m'madzi a mchere, ndipo vuto limeneli linachepako m'zaka za m'ma 1800 pamene kunabwera sopo wopangidwa ndi mafuta a kokonati, amene amachita thovu ngakhale m'madzi a m'nyanja.

Madokotala a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti matenda amabwera ndi mpweya woipa ndi fungo lonunkha, ndipo ngakhale kuti chiphunzitsocho chinali cholakwika, chinawatsogolera ku machitidwe amene anapulumutsa anthu ambiri. Stephen Hales, mbusa wa mpingo wa Anglican ku Teddington amene analinso katswiri wa sayansi, anasindikiza mu 1743 buku lofotokoza mivukuto ikuluikulu yamatabwa yosinthira mpweya m'zombo, m'ndende ndi m'nkhokwe za tirigu, ndipo dokotala James Lind, wodziwika ndi kafukufuku wake wa matenda a sikavi otupitsa nkhama, anatulutsa mu 1757 buku la njira zosungira thanzi la amalinyero, limene linatsindika ukhondo, kuyanika zogonera ndi kufukiza zipinda. Makoma am'kati ankatsukidwa ndi viniga ndi kupakidwa laimu, zipinda zinkafukizidwa ndi sulufule kapena onga wonyowetsedwa ndi viniga, ndipo pa zitseko za padeki pankaimikidwa chinsalu chosokedwa ngati mpope waukulu, kukamwa kwake kutaloza kumene kukuchokera mphepo. James Cook, pa ulendo wake wachiwiri wa mu 1772 mpaka 1775 ndi chombo cha Resolution, ankalamula kuti mbaula za moto zizitsitsidwa kunsi kukaumitsa m'kati, ndipo atabwerako atataya anthu anayi okha pa zaka zitatu, mwa iwo mmodzi yekha ndiye wofa ndi matenda, bungwe la Royal Society linam'patsa mendulo ya Copley mu 1776. Viniga ndi laimu zimalepheretsadi nkhungu kumera, woyambayo chifukwa cha asidi wake ndipo wachiwiriyo chifukwa cha ukali wake wa mtundu wa chidulo, koma ntchito yaikulu inkagwiridwa ndi moto ndi mphepo, moti akuluakulu ena a zombo atazindikira kuti kutsuka madeki apansi ndi madzi tsiku lililonse kunkangowonjezera chinyontho, anayamba kulamula kuti azikwechedwa ndi mchenga wouma wotenthetsa.

Makungwa ndi klorini

Nsalu ya fulakesi kapena ya thonje ndi chakudya cha nkhungu, popeza ulusi wake ndi wochokera ku zomera, ndipo thanga lopindidwa lili lonyowa limatha kuchita madontho m'masiku ochepa n'kuwola m'miyezi ingapo. Asodzi a m'magombe a Britain, France ndi Netherlands, amene analibe nthawi yoyanika matanga tsiku ndi tsiku, ankawaviika m'madzi otentha a makungwa a mtengo wa oak, ndipo pambuyo pake anayamba kugwiritsa ntchito cutch, phala lofiirira lophikidwa kuchokera ku mtengo wa mtundu wa mthethe wa ku India ndi Burma. Zonse ziwirizi zili ndi tanini, mankhwala achibadwa amene amafufutiranso zikopa, ndipo ndi amene ankapatsa matanga a asodzi a ku Brixham mtundu wofiira umene umaoneka m'zithunzi zakale. Oyendetsa zombo za katundu za mumtsinje wa Thames ankapaka matanga awo dothi lofiira losakaniza ndi mafuta a nsomba ndi madzi a m'nyanja. Anthu amenewa anasankha kudetsa nsalu yonse ndi dala kuti ikhalitse, ndipo pa nsalu yofiira kale banga silinkadetsa nkhawa munthu aliyense.

Akatswiri a sayansi nawo anali pa ntchito yomweyo. Mu 1838 Sir William Burnett, mkulu wa madokotala a asilikali apamadzi a Britain, analembetsa mwalamulo njira yoviika matabwa, zingwe ndi nsalu za lona m'madzi a zinc chloride kuti zisawole. Komabe chimene chinasintha kwambiri ntchito yochotsa mabanga chinali klorini, mpweya wotsamwitsa umene Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anautulukira mu 1774, ndipo Claude Louis Berthollet wa ku France anasonyeza mu 1785 kuti umayeretsa nsalu m'maola ochepa, ntchito imene kale inkatenga miyezi nsalu ili yoyalidwa paudzu. Madzi oyeretsera oyamba anapangidwa ku Javel, pafupi ndi Paris, kenaka mu 1799 Charles Tennant wa ku Glasgow anapanga ufa wa klorini ndi laimu umene unkatheka kuunyamula m'migolo, ndipo mankhwala amene lero amadziwika m'nyumba zambiri kuti jiki ndi mdzukulu wa zimenezi. Louis Jacques Thénard anatulukira hydrogen peroxide mu 1818, mankhwala oyeretsa ndi okosijeni amene sadya ulusi ngati klorini, ndipo mu 1907 kampani ya Henkel ya ku Germany inatulutsa sopo waufa wa Persil wogwira ntchito mwa njira yomweyo. Kuyambira pamenepo wosamalira chipinda anakhala ndi mphamvu imene makolo ake analibe, yochotsa banga m'kanthawi kochepa popanda dzuwa, ndipo pamodzi ndi mphamvuyo panabwera chizolowezi choganiza kuti banga likachoka ndiye kuti vuto latha.

Chitsulo chochita thukuta

Sitima ya SS Great Britain, imene Isambard Kingdom Brunel anakonza mapulani ake ndipo inatsitsidwira m'madzi ku Bristol mu 1843, inasonyeza kuti chombo chachikulu chachitsulo chingathe kuwoloka nyanja ya Atlantic, ndipo m'zaka makumi angapo zotsatira chitsulo chinalowa m'malo mwa matabwa. Chitsulo sichidontha ngati matabwa, koma chili ndi vuto lina limene amalinyero ankalitchula kuti thukuta la chombo. Mpweya wofunda umanyamula nthunzi yambiri kuposa wozizira, ndipo ukakhudza chinthu chozizira umatula nthunziyo ngati mame, monga amachitira malata a nyumba m'bandakucha wa mwezi wa June, pamene amadonthezera anthu ogona ngakhale kunja kulibe mvula. Thabwa silizizira msanga ndipo limamwa chinyezi n'kuchibweza pang'onopang'ono, pamene chitsulo chokhudzana ndi madzi ozizira a m'nyanja chimazizira nthawi yomweyo, moti mpweya wa anthu ogona unkasanduka madontho oyenderera pa makoma, osakanikirana ndi dzimbiri ndi fumbi la malasha. Pofuna kuchepetsa zimenezi, amisiri ankawaza tizidutswa ta cork, makungwa opepuka a mtengo wina wa ku Portugal ndi Spain, pa penti asanaume, ndipo m'zipinda za apaulendo ankakhoma matabwa mosiya mpata kumbuyo kuti madzi aziyenderera mpaka pansi osakhudza nsalu.

M'sitima za makampani monga Cunard ndi White Star, amene ankapikisana pa njira ya ku New York chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, zipinda zapamwamba zinkakongoletsedwa ndi makatani a veleveti, makapeti ndi mipando yokutidwa nsalu, ndipo panabadwa gulu lalikulu la antchito a m'zipinda amene tsiku lawo linkathera popukuta, pokutumula fumbi ndi potsegula mazenera panyanja pakachita bata. Sitima ikaima pa doko la Liverpool kapena Southampton, nsalu zogonera ndi za patebulo zinkatsitsidwa m'matumba kupita kochapira kumtunda, makatani ankamasulidwa pa ngowe zake, ndipo chilichonse chothimbirira chinkatha kusinthidwa sitima isananyamukenso.

Sitima zachitsulo zinafikanso pa nyanja ya Malawi zili zidutswazidutswa kuchokera ku Britain. Ilala yoyamba inalowa m'nyanjayi mu October 1875 itanyamulidwa pamitu ya anthu kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire, Chauncy Maples ya mishoni ya UMCA inapangidwa ku Glasgow n'kulumikizidwa kwa Mponda mu 1901 ili ndi malo ophunziriramo, opemphereramo ndi ogonamo odwala, ndipo Ilala yachiwiri inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland n'kuyamba ntchito mu 1951. Madzi a nyanjayi alibe mchere ndipo ndi ofunda, motero chitsulo sichichita thukuta kwambiri ngati kumpoto kwa Atlantic, koma chinyezi cha m'dzinja ndi utsi wa nkhuni zimene sitima zoyambazo zinkasonkhera zinali zokwanira kudetsa makatani ndi zogonera, ndipo pa nyanja yokhala ndi dzuwa lochuluka chonchi kuyanika kunali mankhwala apafupi kuposa ena onse.

Nsalu ndi matabwa opakidwa vanishi zinali ndi ngozi ina yoposa mabanga. Mu September 1934 sitima ya Morro Castle, pochokera ku Havana kupita ku New York, inapsa pafupi ndi gombe la New Jersey ndipo anthu oposa 130 anafa, moto utayenda mofulumira kuseri kwa matabwa a m'makoma ndi kudenga. Ngoziyi ndi zina zonga iyo zinachititsa kuti pangano la mayiko lotchedwa SOLAS, loteteza miyoyo panyanja, likhwimitse mu 1948 malamulo a zipangizo za m'zipinda, ndipo sitima ya SS United States ya mu 1952, imene William Francis Gibbs anakonza mapulani ake, inamangidwa pafupifupi popanda thabwa, makoma ake ali a asibesitosi ndipo nsalu zake zili za ulusi wosagwira moto msanga. Kuyambira nthawi imeneyo sitima zikuluzikulu zinatsata njira ya makoma olimba ongopukuta, ndipo nkhani ya nsalu yakukhoma inasamukira m'maboti ang'onoang'ono.

Fibreglass ndi nsalu yomata

Kusintha kwachiwiri kunayambira m'mafakitale a mankhwala. Waldo Semon wa ku America anapeza mu 1926 njira yofewetsera PVC, imene inabala nsalu ya vinyl yooneka ngati chikopa, Otto Bayer wa ku Germany anatulukira polyurethane mu 1937, imene pambuyo pake inapangidwa siponji ya m'mipando ndi m'matiresi, ndipo kampani ya Owens-Corning, yokhazikitsidwa mu 1938, inayamba kugulitsa ulusi wa galasi. Fibreglass ndi ulusi umenewu woyalidwa m'chikombole n'kunyowetsedwa ndi utomoni wa mankhwala umene umauma gwa ngati fupa, ndipo Ray Greene wa ku Toledo m'chigawo cha Ohio amawerengedwa pakati pa oyamba kupanga boti mwa njira imeneyi, m'chaka cha 1942. Popeza chikombole chimodzi chimatha kutulutsa maboti mazanamazana ofanana, mtengo unatsika, ndipo boti la Pearson Triton la mamita opitirira pang'ono 8.5, loonetsedwa ku New York mu 1959, komanso la Westerly Centaur la ku England la mu 1969, limene anapanga oposa 2,400, anapatsa mabanja a anthu opeza mwapakati mwayi wokhala ndi chipinda choyandama.

Boti lotuluka m'chikombole limakhala losalala kunja, kumene kunakhudza chikombolecho, koma m'kati limakhala lokhakhala, ulusi ukuonekera, ndipo khoma lake, lochindikala ngati chala kapena kucheperapo, limachita thukuta mofanana ndi chitsulo. Kukhoma matabwa m'kati monse kukanabweza mtengo umene fibreglass inachotsa, choncho mafakitale anasankha njira yachangu yopaka guluu n'kumata vinyl yokhala ndi siponji kumbuyo, kapena nsalu yaubweyaubweya ya polypropylene, imene Giulio Natta wa ku Italy anaipanga mu 1954. Nsaluyo inkabisa zokhakhala, inkachepetsa phokoso la mafunde ndipo inkafunditsako chipinda, koma tsopano nsalu ya m'chipinda inakhala yosachotseka, ndipo mpata wa mpweya umene amisiri a matabwa ndi a chitsulo ankausiya kumbuyo unatha.

Kagwiritsidwe ntchito ka maboti nako kanasintha. Chombo chakale chinkakhala ndi anthu tsiku lililonse, pamene boti la banja limayenda masiku ochepa pa chaka, ndipo kumpoto kwa Ulaya limatsekedwa kuyambira cha mu October mpaka April, zenera lililonse litamangidwa poopa mvula ndi akuba. Anthu akalowamo amawonjezera nthunzi ndi mpweya wawo, ndi zovala zonyowa, komanso ndi chitofu, pakuti kilogalamu imodzi ya gasi wa propane ikayaka imatulutsa madzi opitirira lita imodzi ndi theka. Nkhungu imayamba kumera chinyezi chikakhalitsa pamwamba pa maperesenti 70, ndipo ngakhale kuti siidya ulusi wa pulasitiki, imapeza chakudya chokwanira m'fumbi, m'mafuta a thupi la munthu ndi m'nthunzi ya zokazinga zimene zimakakamira pa ulusiwo.

Patapita zaka makumi awiri kapena kuposerapo, vuto lina linaonekera m'maboti a makampani ambiri. Siponji ya polyurethane ikakhalitsa pa chinyezi ndi kutentha imafumbutuka n'kusanduka ufa wofiirira, motero vinyl imalekana ndi denga n'kulendewera ngati thumba pamutu pa anthu. Mmisiri akaikoka, ufawo umakhuthukira m'tsitsi ndi m'maso mwake, ndipo kumbuyo amapeza guluu wouma wofunika kupalidwa ndi burashi ya waya kwa masiku angapo atavala chotchinga mphuno, komanso mabwalo akuda ozungulira bawuti iliyonse imene yakhala ikudontha mwakachetechete kwa zaka zambiri nsalu ikubisa.

Luso lowerenga banga

Amisiri okonza zam'kati mwa maboti anaphunzira kuwerenga banga asanaligwire, chifukwa mtundu wake ndi malo ake zimaulula gwero lake. Mzera wofiirira wakuda m'mphepete, wofanana ndi wa tiyi wotayikira pansalu ya patebulo, ndi wa madzi olowera pa zenera kapena pa bawuti yomangira chitsulo cha padeki, ndipo kufiirako kumachokera ku tanini wa pulaiwudi kapena ku guluu wakale amene madziwo adutsamo. Mzera wotere umachoka ndi asidi wofatsa monga viniga kapena ndi mankhwala a okosijeni, koma umabwerera ndi mvula yotsatira ngati podonthapo sipanamatidwe. Dzimbiri limasungunuka ndi oxalic acid, kapena ndi madzi a mandimu ndi mchere likakhala lochepa, pamene jiki amangolikhwimitsa. Mwaye ndi mafuta zimafuna sopo wamadzi wotsukira mbale, ndipo mkaka, magazi ndi zakudya zimafuna madzi ozizira ndi sopo wokhala ndi ma enzyme, mankhwala ogaya litsiro monga mmene m'mimba mumagayira chakudya, amene Otto Röhm wa ku Germany anayamba kuwagwiritsa ntchito pochapa mu 1913. Palinso banga lapinki la pa vinyl, limene ndi utoto wotulutsidwa ndi mabakiteriya okhala m'siponji yonyowa, ndipo chifukwa utotowo umalowerera m'kati mwenimweni mwa vinyl, kukwecha pamwamba sikuuchotsa.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi imafuna kudekhako kuposa mphamvu. Mmisiri amayamba wakoka fumbi louma ndi makina, popeza kunyowetsa nkhungu youma kumangoilowetsa m'ulusi, kenaka amayesa mankhwala pamalo obisika, monga m'kati mwa kabati, kuti aone ngati mtundu wa nsalu usukuluka. Akatero amawaza pang'ono, amapukusa ndi burashi yofewa kuchokera m'mphepete mwa banga kulowera pakati kuti lisakule, ndipo amadinda ndi thaulo loyera louma mobwerezabwereza mpaka thaulolo litasiya kusintha mtundu. Madzi ochuluka amawononga ntchito, chifukwa amalowa m'siponji, amafewetsa guluu ndipo amakoka litsiro lakumbuyo kulibweretsa pamwamba, pamene sopo wotsalira m'nsalu amagwira fumbi limene nkhungu yatsopano imadya. Jiki amapha nkhungu ndi kufufuta madontho ake, koma amadya ulusi wosokera, nayiloni, ubweya ndi siponji, ndipo nsalu zimene zimamupirira ndi zija za acrylic zolowetsedwa utoto ulusi usanapotedwe, monga Sunbrella imene kampani ya Glen Raven ya ku North Carolina inayamba kugulitsa mu 1961. M'chipinda chopanikiza ngati cha boti, jiki akasakanizidwa ndi viniga amatulutsa mpweya wa klorini, ndipo akasakanizidwa ndi amoniya amatulutsa mpweya wina woopsa, n'chifukwa chake mmisiri wosamala amagwiritsa ntchito mankhwala amodzi pa nthawi imodzi zitseko zonse zili zotsegula.

Kusiyanitsa banga lamoyo ndi lakufa ndi nzeru yakale kwambiri kuposa zombo zonse zimene zatchulidwa pano, pakuti chaputala 13 cha buku la Levitiko chimalamula kuti chovala chochita nguwi chisungidwe pachokha masiku 7, chichapidwe ngati banga silinakule, ndipo chitenthedwe ngati lafalikira. Mmisiri wa maboti amafika pa chigamulo chofanana akaona kuti madontho akubwerera pamalo omwewo patangopita milungu ingapo, chifukwa amadziwa kuti nkhunguyo yamera kuchokera kumbuyo, m'siponji ndi m'guluu, kumene burashi siifika, ndipo pamenepo nsalu yonse imayenera kukanganulidwa.

Kubwerera kwa mphepo

Zimene omanga ndi okonza maboti akhala akuchita m'zaka zaposachedwapa zikufanana kwambiri ndi zimene Hales ndi Cook ankalimbikitsa. Bokosi lolowetsera mpweya lotchedwa Dorade, dzina la boti la Olin Stephens limene linapambana mpikisano wowoloka Atlantic mu 1931, linakonzedwa mwakuti madzi a mafunde amatsalira m'bokosimo n'kutulukira pa timabowo ta m'mbali pamene mphepo imadutsa kulowa m'chipinda, ndipo limagwira ntchito ngakhale boti litatsekedwa miyezi. Okonza ambiri samatanso nsalu mwachindunji pa fibreglass, koma amayamba aika siponji ya timabowo totsekeka imene siimwa madzi, kenaka amakunga nsalu pa timatabwa topyapyala tomangidwa ndi masikuluwu kapena Velcro, kuti mwini boti athe kutsitsa gawo limodzi, kuona kumbuyo kwake ndi kuliimika padzuwa. Ena abwerera ku timatabwa tokhomedwa mosiya mipata monga zinkakhalira m'zombo zakale. Ngakhale SS Great Britain, imene inabwezedwa ku Bristol mu 1970 itakhala zaka zambiri ku zilumba za Falkland, ikusungidwa lero m'doko louma mmene makina amatsitsa chinyezi kufika pa maperesenti 20 kuti mchere umene unalowerera m'chitsulo chake usachidye.

Banga la pa nsalu ya m'chipinda cha boti ndi uthenga wakuti penapake madzi akulowa kapena mpweya waima, ndipo munthu amene amalifufuta osafunsa kumene lachokera amataya chenjezo limene likanateteza matabwa a padeki, mawaya a magetsi ndi mapapo a ana ogona m'chipindamo. Akatswiri a mankhwala, kuyambira Scheele mpaka Röhm, anasiyira wosamalira boti njira zachangu ndi zofatsa zoyeretsera nsalu, ndipo m'poyenera kuzigwiritsa ntchito mwaluso, koma ntchito imene amalinyero a Resolution ankachita m'mawa uliwonse kunja kukacha, yotsegula zitseko ndi kukweza zogonera padzuwa, ndi imene imachititsa kuti nsalu yoyeretsedwa lero ikhalebe yoyera chaka chamawa.